Masiku asanu osalawa nyama kumudzi wa ku Limpopo

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yolangiza anthu za kadyedwe, ndipo Amalawi ambiri amene amabwera kwa ine ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi amakhumudwa ndikawauza kuti achepetse nyama. Ndimawamvetsa. Kwa munthu amene anasiya kwawo kudzasaka ndalama ku Joni, nkhuku ndi soseji pambale ndi umboni woti ulendo unapindula, pamene masamba amamukumbutsa njala ya mu Januwale ndi Febuluwale.

Mwezi wa Marichi ndinaperekeza mnzanga wa mtundu wa Avenda kumudzi kwawo pafupi ndi tauni ya Thohoyandou m'chigawo cha Limpopo, kumene agogo ake, omwe ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, anasiya kudya nyama kalekale. M'mawa uliwonse agogowo ankalowa m'munda momwe maungu ndi khobwe zinayanga pansi pa chimanga, n'kubwerako ndi lichero lodzaza. Ankakhala pamkeka akusadzula masamba a maungu limodzilimodzi, mdzukulu wawo akusinja mtedza mumtondo. Ndinadabwa kuona kuti ndiwo zake ndi zathu zomwe: bonongwe iwo amati vowa, chisoso amati mushidzhi, luni amati murudi, ndipo denje amati delele, dzina lofanana ndithu ndi therere lathu.

Chakudya chimene chinandigwira mtima ndi tshidzimba, chimanga chokonola chophikidwa pamodzi ndi nyemba ndi nsinjiro. Zomanga thupi za m'chimanga n'zoperewera chifukwa tizigawo tiwiri tofunika m'thupi, totchedwa lysine ndi tryptophan, timapezekamo tochepa kwambiri, koma nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zimabweretsa lysine amene akusowayo, kotero kuti zikakumana mumphika umodzi thupi limapeza zokwanira kumangira minofu. Nsinjiro nazo si zokometsera chabe. Vitamini A amene thupi limapanga kuchokera ku masamba obiriwira amafuna mafuta kuti ayamwidwe m'matumbo, ndiye mayi amene amatendera nkhwani amathandiza maso ndi khungu la ana ake kuposa amene amangowiritsa ndi mchere. Ayironi wa m'masamba salowa m'magazi mosavuta ngati wa m'nyama, koma vitamini C wa mu tomato kapena malambe amathandiza kuti alowe, pamene tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza.

Pali ziwiri zimene sindinabise kwa agogowo. Choyamba ndi soda amene ankathira mu delele, monga kwathu timathira chidulo, chifukwa amafewetsa masamba koma amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Chachiwiri ndi vitamini B12, amene sapezeka m'masamba, m'nyemba kapena m'mtedza. Iwo ankamupeza mu mazira a nkhuku zawo ndi mkaka wowawasa, koma wosiya zonse zochokera ku ziweto ayenera kumwa mapiritsi ake, apo ayi magazi amachepa ndipo mapazi amayamba dzanzi.

Sindikunena kuti nyama ndi poizoni. Komabe mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO inaika nyama zokonzedwa kufakitale, monga polony ndi soseji, m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo izi ndi zimene ambiri a ife timagula tsiku ndi tsiku chifukwa n'zotchipa komanso sizichedwa kupsa. Nyemba zouma n'zotchipa kuposa pamenepo, ndipo mukazinyika m'madzi usiku wonse zimapsa msanga osatha magetsi ambiri. Nditabwerera ndinapita kumsika wa Yeoville, kumene ndinagula nkhwani, chigwada ndi mtedza, ndipo madzulo amenewo ana anga, omwe anabadwira kuno, analawa ndiwo zotendera koyamba.