Masitolo akale a amwenye ku Salima

Mukamadutsa m'misika yakale ya m'boma la Salima, maso anu agwere pa nyumba zija za makhonde aatali, nsanamira zonenepa za njerwa ndi malata ofiira ndi dzimbiri. Akuluakulu amati "kwa amwenye" mpaka lero, chikhalirecho mwenye anachokamo kalekale.

Mbiri yake inabwera ndi njanji. Sitima itafika ku Salima mu 1935, thonje linapeza njira yotulukira, alimi n'kuyamba kugwirako ndalama. Amalonda ochokera ku India, ambiri a ku Gujarat, anatsatira ndalamazo. Kamangidwe kawo kanali kamodzi: kutsogolo sitolo, kumbuyo zipinda zogona banja, kuseri khitchini ndi mosungira katundu. Koma moyo weniweni unali pakhonde. Pamenepo pankakhala telala ndi makina ake opalasa ndi mwendo. Mayi ankagula nsalu mkatimo, akangotuluka telala n'kumuyeza pomwepo. Wokonza wotchi naye ankapempha kangodya, anthu odikira galimoto n'kumausa pamthunzi. Denga limodzi linkadyetsa mabanja angapo.

M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amwenye kuchoka m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 malonda awo anatsala m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Cholinga chinali choti Amalawi atenge malondawo. Ena anagula nyumbazo n'kulimbikira ndithu, koma ambiri mpamba unawachepera, mashelefu n'kuyera. Zitseko zinatsekedwa, mileme n'kulowa.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti nyumbazi zikudzuka popanda wozilembera pulani. Sitolo imodzi yaikulu aigawa ndi mapulanga: uku saluni, uku wokonza mafoni, pawindo wotumiza ndalama pafoni. Zipinda zakumbuyo akuchita lendi aphunzitsi kapena achinyamata ogulitsa kaunjika, ndipo mosungira katundu muja alimi amasungamo matumba a mpunga ndi chimanga. Mita ya magetsi ndi imodzi, amasonkherana mayunitsi, nthawi zina n'kukangana ndithu. Telala wabwereranso pakhonde lake.

Mkangano uli kwa eni. Ogula aja ambiri anatsogola, nyumba n'kutsala m'manja mwa ana ndi adzukulu. Wina akufuna kugumula amange timashopu ta mabuloko, wina akuti lendi ikutikwanira, ndipo pamene akukokanakokana palibe wosintha lata lodontha. Chiswe sichidikira kuti banja ligwirizane.

Ine ndili kumbali ya osagumula. Salima kumatentha, koma lowani m'nyumba izi masana a mwezi wa October mumve kuzizira kwa makoma ochindikala ndi denga lalitali. Kashopu ka mabuloko sikangakupatseni zimenezo. Zofunika n'zochepa: malata atsopano, mitengo ya denga yothira mankhwala a chiswe, chimbudzi chabwino kuseri, ndi pepala losonyeza bwino kuti nyumbayo ndi ya yani.