Mmene maiko anayambira kuwerengera ndalama za umoyo

Kodi dziko lonse lawononga ndalama zingati chaka chino polimbana ndi matenda? Funsoli limamveka lapafupi, koma kwa nthawi yaitali panalibe boma lotha kuliyankha. Boma linkadziwa zotuluka m'thumba mwake basi. Ndalama imene mayi wapereka kwa dokotala mwana atatentha thupi usiku, imene bambo wasiya pogula mankhwala, imene mabungwe achifundo akuyendetsera zipatala zawo, palibe ankaziika pamodzi.

Mu 1927 ku America kunakhazikitsidwa komiti yotchedwa Committee on the Costs of Medical Care, wapampando wake Ray Lyman Wilbur. Ndalama zoyendetsera ntchitoyi sizinachokere kuboma koma kumabungwe achifundo. Ofufuza ankayendera mabanja zikwizikwi mobwerezabwereza, n'kumalemba matenda amene agwa pakhomo ndi ndalama zimene zapita. Pomaliza ntchito mu 1932, anapeza kuti mu 1929 dzikolo linawononga pafupifupi madola 3.6 biliyoni pa zaumoyo. Koma chimene chimandigwira mtima si nambalayo. Anaonetsa kuti mtolowo sugwa mofanana: mabanja ambiri amalipira zochepa pachaka, pomwe owerengeka amaphwanyidwa ndi ngongole ya matenda amodzi okha. Komitiyo italimbikitsa zoti anthu azisonkherana, bungwe la madokotala la American Medical Association linakana kwamtuwagalu.

Ku Britain nkhani inavuta mwanjira ina. Chithandizo chaulere cha National Health Service chitayamba mu 1948, ndalama zinapitirira zimene ankayembekezera, ndipo kunabuka mfuu yoti chithandizochi chimaliza chuma cha dziko. Mu 1951 boma litaganiza zolipiritsa magalasi ndi mano oikirira, Aneurin Bevan, mwini wake amene anayambitsa chithandizochi, anatula pansi udindo wa unduna. Mu 1953 boma linasankha komiti yotsogozedwa ndi katswiri wa zachuma Claude Guillebaud kuti ione pamene ndalama zikutayikira.

Apa ndi pamene kuwerengera bwino kunaonetsa mphamvu yake. Ofufuza awiri amene ankathandiza komitiyo, Brian Abel-Smith ndi Richard Titmuss, anakhala pansi ndi mabuku a boma, nachotsamo kukwera kwa mitengo ya zinthu, naganiziranso kuchuluka kwa anthu, kenako n'kuyerekeza zotsalazo ndi chuma chonse cha dziko. Zinapezeka kuti gawo lopita ku chithandizocho silinakwere konse: linatsika kuchoka pa 3.75 peresenti kufika pa 3.25 peresenti pakati pa 1949 ndi 1954. Komiti imene ambiri ankati ibwera ndi mpeni inatulutsa lipoti mu 1956 lonena kuti sinapeze kusakaza, ndipo inati zipatala zikufunika ndalama zina zomangira.

Abel-Smith yemweyo ndiye anapemphedwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse lapansi la World Health Organization (WHO) kuyerekeza maiko, ndipo mu 1963 anatulutsa zotsatira za maiko asanu ndi limodzi. Mutu unayamba kuwawa pamenepo. Kodi ndalama ya umoyo imathera pati? Chakudya cha wodwala wogonekedwa chiwerengedwe? Nanga madzi aukhondo, sukulu ya anamwino, kapena nyumba yosungira okalamba? Dziko lililonse linkadula malire pake pake, choncho kuyerekeza kunali kovuta.

Ku America boma linayamba kutulutsa chiwerengero chaka ndi chaka mu 1964, ndipo Dorothy Rice, katswiri wa zachuma wogwira ntchito m'boma, anali mmodzi mwa amene anaika maziko. Mndandanda wa ziwerengerozi umayambira mu 1960, pamene zaumoyo zinkatenga pafupifupi 5 peresenti ya chuma cha dzikolo. Mu 2023 zinafika pa 17.6 peresenti, madola 4.9 thililiyoni.

Muyeso umodzi wa maiko ambiri unachedwa kubwera. Bungwe la OECD, limene makamaka ndi mgwirizano wa maiko olemera pa zachuma, linautulutsa mu 2000, ndipo mu 2011 linaukonzanso pamodzi ndi WHO ndi Eurostat, ofesi ya ziwerengero ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya. Ndalama iliyonse imafunsidwa mafunso atatu: yadzera njira iti polipira, wailandira ndani, yagwira ntchito yanji.

Gawo lovuta mpaka lero ndi la m'thumba mwa wodwala. Ndalama za boma zili m'mabuku, za inshuwalansi zilinso ndi mapepala. Koma m'maiko ambiri osauka gawo lalikulu limachokera kwa odwala eni ake, ndipo nthawi zambiri palibe lisiti. Njira yake ndi ija ya kalekale: wofufuza amafika pakhomo, amapatsidwa mpando, n'kufunsa kuti m'masabata anayi apitawa ndani anadwala ndipo munalipira zingati. Mayi amayamba kuwerenga ndi zala. Amakumbukira za jakisoni, mapiritsi ogula kawiri aja amawaiwala, ndipo atafunsidwanso modekha ndi pamene amatchula kuti ndalamazo anachita kukongola.