Woody Strode sanali wakuda woyamba mu NFL

Pa Facebook pamayenda nkhani yoti Woody Strode, amene ambiri amamudziwa m'mafilimu, ndiye munthu wakuda woyamba kusewera mu NFL, ligi ya mpira wa ku America uja wothamanga nawo m'manja. Si zoona ayi.

Ligiyi itayamba mu 1920, wosewera wakuda Fritz Pollard ankasewera kale ku Akron Pros, ndipo timuyo inatenga chikho chaka chomwecho. Wakuda wina, Bobby Marshall, nayenso analipo. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kuyambira 1934 mpaka 1945 eni matimu anangosiya kulemba akuda, popanda lamulo lolembedwa, tsankho lokhalokha basi. Mu 1946 timu ya Rams itasamukira ku Los Angeles, oyang'anira bwalo la Coliseum, lomwe timuyo inkafuna kusewererapo, anaikakamiza kusintha. Ngakhale pamenepo, woyamba kusainidwa anali Kenny Washington, mnzake wa Strode wa ku yunivesite ya UCLA. Strode anabwera pambuyo pake, ndipo anasewera chaka chimodzi chokha.

Kenako anapita ku Canada, n'kupambana Grey Cup, chikho chachikulu cha mpirawu kumeneko, ndi timu ya Calgary Stampeders mu 1948. Kutchuka kwenikweni kunabwera mu 1960, atasewera ngati Draba mufilimu ya Spartacus.