Banki ya a Medici inakweza ndani?

Anthu akandifunsa ngati banki ingatukule mwana wa mmphawi, ndimawatengera ku Florence, ku Italy, zaka 600 zapitazo.

Giovanni di Bicci de' Medici anabadwa mu 1360. Bambo ake anamwalira iye akadali kamwana, osasiya chuma chooneka. Komabe tisafulumire kumutcha wosauka. Anali ndi wachibale, Vieri di Cambio, mwini banki, yemwe anamulowetsa ntchito ku Rome. Atakwatira, mkazi wake Piccarda Bueri anabwera ndi ndalama zagolide zotchedwa florin zokwana 1,500, popeza kumeneko chuma chaukwati chinkachokera kuchikazi. Mu 1397 Giovanni anatsegula banki yake ku Florence.

Nanga phindu linkachokera kuti, pamene Mpingo wa Katolika unkati kukongoza ndalama pa chiwongoladzanja ndi katapira, tchimo lenileni? Apa ndiye panali ukathyali wake. Wamalonda ankalandira ndalama ku Florence n'kulemba kalata yolonjeza kuti zidzabwezedwa ku London kapena ku Bruges patapita miyezi, koma m'ndalama zakumeneko. Chiwongoladzanja chinkabisala mu mtengo wosinthira ndalamazo. Poti mtengowo unkatha kukwera kapena kutsika, akuluakulu ambiri a mpingo ankati amenewo ndi malonda basi. Ndipotu kasitomala wamkulu wa bankiyi anali Papa yemwe.

Chimene chimandikopa ine ndi momwe ankayendetsera nthambi. Woyang'anira nthambi ankapatsidwa gawo la phindu, osangoti malipiro. Giovanni Benci analowa ngati mnyamata wotumikira mu ofesi ya ku Rome, anayendetsa nthambi ya ku Geneva, mpaka mu 1435 n'kukhala mkulu wa banki yonse. Makwerero analipo ndithu, koma kuti uwaponde unafunika kudziwa kulemba, kuwerengetsa, ndiponso kukhala ndi wokulankhulira. Anthu okonza ubweya wa nkhosa, omwe anaukira boma la mzindawu mu 1378 pofuna kuti nawonso azimvedwa, banki yotereyi ankangoionera panja.

A Medici eni ake anakwera mochititsa nthumanzi. Cosimo, mwana wa Giovanni, anayamba kulamulira Florence mu 1434, ndipo mu 1513 wa m'banjamo anakhala Papa Leo X. Bankiyo inali itagwa kale mu 1494, koma banjalo linali litafika poti silikuidaliranso.

Mu 1427 boma la Florence linalemba chuma cha banja lililonse pofuna kudula msonkho. Akatswiri awiri a ku banki yayikulu ya Italy, Guglielmo Barone ndi Sauro Mocetti, anayerekeza kaundulayo ndi mayina a okhoma msonkho a mu 2011. Anapeza kuti mayina a mabanja omwe anali pamwamba mu 2011 ambiri anali kale pamwamba nthawi imeneyo.