Kupewa kugwa kwa anthu ofooka minofu ndi minyewa

Munthu wofooka minofu kapena minyewa sagwa chifukwa chosasamala, mwendo ndiwo umakana. Zimachitikira anyamata odwala muscular dystrophy ya Duchenne (matenda obadwa nawo ofooketsa minofu pang'onopang'ono), akulu amene anadwalapo poliyo, komanso amene mapazi anachita dzanzi chifukwa cha shuga, mowa, HIV kapena isoniazid, mankhwala a TB amene amayenera kumwedwa pamodzi ndi vitamini B6.

Yang'anani kayendedwe kake. Ngati phazi likulendewera, zala zikukhula pansi, kamwala kakang'ono kapena m'mphepete mwa mphasa ndi kokwanira kumugwetsa. Patapata ndi woopsa kwa iye chifukwa amafuna zala zogwira. Avale nsapato yotseka kuchitendene, ndipo mukafunse kwa a physiotherapy (othandiza odwala kulimbitsa ziwalo) ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete za chothandizira phazi chotchedwa AFO. Mwana amene akamadzuka pansi amayamba wagwira maondo n'kumakwera ndi manja pantchafu zake, apimidwe msanga.

Pakhomo, chimbudzi ndicho chimavuta kwambiri. Kunjuta n'kudzuka kumafuna ntchafu zamphamvu, choncho ikani mpando wobowola pakati pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wozikika bwino pambali wogwirira. Usiku pakhale ndowa ndi tochi pafupi ndi pogona, makamaka malaiti akathima. Lekani kupaka polishi pasimenti pamene amadutsa; nyumba isawale, koma munthu ayende. Mbaula ikhale pakona. Nyengo ya mvula thirani mchenga kapena miyala ing'onoing'ono panjira ya kubafa.

Ndodo ifike pamfundo ya dzanja munthu ataima manja ali m'mbali, ikhale ndi labala kunsi, ndipo aigwire mbali ya mwendo wamphamvu. Pokwera sitepe atsogoze mwendo wamphamvu, potsika wofooka. Ntchito zolemetsa azichita m'mawa, poti kutopa kwa madzulo kumagwetsa ambiri.

Akagwa musamukoke mikono, mapewa ofooka amaguluka. Ngati sanavulale, agwade, agwire mpando, adzuke pang'onopang'ono. Akamenyetsa mutu, akalephera kuponda, kapena akayamba kubanika ndi kusokonezeka m'maola otsatira, thamangirani kuchipatala. Samalani kwambiri ndi mwana wodwala Duchenne amene akumwa mankhwala a prednisolone: mafupa ake amathyoka msanga, ndipo akagona nthawi yaitali ndi pulasitala akhoza osadzayendanso.