Kamnyamata kamodzi sikadzutsa timu ya hockey

Kuno ku Ulongué, anyamata amene amaonera hockey ya pa ayezi pafoni amakonda kunena kuti timu ikagwa ingopeza kamnyamata kodziwa kugoletsa, basi yadzuka. Maganizowa tidawatenga ku mpira wamiyendo, kumene wogoletsa wa UD Songo akhoza kukhala m'bwalo mphindi 90 zonse.

Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku United States ndi Canada, sizitero. Masewero ndi mphindi 60, koma osewera kutsogolo amakhala 12, m'magulu anayi a atatuatatu. Gulu limalowa, kuthamanga masekondi pafupifupi 45, n'kutuluka likupumira m'mwamba. Ngakhale katswiri amasewera mphindi 20 kapena kupitirirako pang'ono. Nthawi yotsalayo amakhala pabenchi, kuonerera ngati ife tomwe.

Timu ya Edmonton Oilers idapatsidwa mwayi woyamba kusankha achinyamata mu 2010, 2011 ndi 2012, n'kutenga Taylor Hall, Ryan Nugent-Hopkins ndi Nail Yakupov. Koma idadzafika mu playoffs, masewero akumapeto olimbirana chikho, mu 2017, katswiri wina Connor McDavid atabwera kale mu 2015. Chicago nayo idatenga Connor Bedard mu 2023. Mnyamatayo adalandira Calder Trophy, mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse, timu yake n'kumaliza yachiwiri kuchokera pansi.

N'chifukwa chake aphunzitsi sawerenga zigoli zokha. Amayang'ana ngati mnyamata amabwerera msanga kudzatchinga akalandidwa puck, kampira kaphwatalala ka hockey, komanso ngati a gulu lachitatu ndi lachinayi angapirire mnzawo akatulutsidwa mphindi 2 chifukwa cholakwa. Ineyo mphindi ziwirizo ndi zimene ndimaonera mtima uli m'mwamba.