Kunong'oneza bondo pambuyo pa chibwenzi kapena kugonana

Amuna ndi akazi onse amanong'oneza bondo pa nkhani za chikondi, koma chimene chimawapweteka mtima chimasiyana. Kafukufuku wa ku America wa 2013, ndi winanso wa ku Norway, anapeza kuti akazi ambiri amadandaula ndi zomwe anachita, monga kulola msanga kapena kugona ndi mwamuna amene sanamudziwe bwino. Amuna ambiri amadandaula ndi zomwe sanachite, monga kulephera kufunsira mkazi amene ankamufuna.

Izi sizodabwitsa. Mimba imagwera mkazi, miseche ya pamjigo ndi kumsika imagweranso iye yemweyo, pomwe mnyamata anzake amamutama kuti ndi dolo. Kuno ku Zambia, kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anasonyeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo chigawo chathu cha Kum'mawa chili m'gulu la zigawo zomwe vutoli ndi lalikulu.

Kwa amayi ndi atsikana

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi manyazi. Mtsikana amadzitsekera m'nyumba masiku atatu akulira, osauza munthu, ndipo ndi masiku omwewo amene chithandizo chikanagwira ntchito. Ngati mwagonana popanda kondomu, kapena kondomu inaphulika, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP, oteteza ku kachilombo ka HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba a pangozi amathandiza mpaka masiku 5, koma amagwira bwino mukamwa msanga. Anesi nkhani zotere amazimva tsiku lililonse, auzeni zonse mosabisa.

Ngati munakakamizidwa, mlandu si wanu, ngakhale wokukakamizaniyo akhale chibwenzi chanu kapena amuna anu. Zimenezo ndi nkhanza. Ngati n'kotheka musasambe kapena kuchapa zovala musanaonedwe kuchipatala, ndipo kanenani ku Victim Support Unit ya polisi. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu waukulu, kaya mwanayo anavomera.

Kwa abambo ndi anyamata

Anzanu pamowa kapena pa siteji ya njinga akamakusekani kuti “wagona, wataya mwayi”, musathamangire kukawaonetsa chamuna. Mkazi amene munamusiya sanakupatseni matenda alionse. Chindoko, chinzonono ndi HIV zimabwera pa tsiku limene munachita mosaganiza, kawirikawiri mutaledzera ndiponso mulibe kondomu m'thumba. Mkazi akati ayi, kapena akaledzera moti sakudziwa chimene chikuchitika, musiyeni. PEP ndi yanunso, ndipo ngati mumagona ndi anthu angapo funsani za PrEP, mankhwala omwe amamwedwa munthu asanakumane ndi kachilombo.

Maganizo akakula

Kudandaula kwa masiku ochepa kumatha. Koma mukatha masabata awiri tulo osabwera, nsima osaifuna, ntchito osagwirika, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, musakhale nazo nokha. Fikani ku kiliniki yapafupi, ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, mupemphe kuonana ndi mlangizi. Mungathenso kuimbira alangizi foni kwaulere pa 933, ndipo ana aimbe pa 116.